Khasu Loyamba pa Kasitu

Mutu 6

1. Dambo lomwe linagawa anthu

Anthu a kwa Thole ndi anthu a kwa Zgambo akhala moyandikana kuyambira kale, ndipo pakati pawo pali dambo la Kamwala basi. A kwa Thole ndi a ng'ombe. A kwa Zgambo ndi a madimba, fodya ndi mtedza. Ankakwatirana, ankabwerekana ngolo, ankanyozana pa mowa, koma chachikulu n'chakuti ankaikirana maliro.

Mwambo wake unali wotere. Akamwalira munthu wa kwa Zgambo, khasu loyamba kutema nthaka ya manda linkayenera kukhala m'manja mwa munthu wa kwa Thole. Akamwalira wa kwa Thole, a kwa Zgambo ankawoloka dambo ndi makasu awo. Ena ankatha kuthandiza pambuyo pake, koma loyambalo ayi. Ndipo wotema koyambayo ankanena mawu omwe mwana aliyense wa m'midzi iwiriyi amawadziwa: "Gona pa makolo ako, khomo takutsegulila ndife."

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Pofika Seputembala msipu unali utatsala ku dambo kokha, ndipo ng'ombe sizidziwa malire. Zinalowa m'madimba n'kumaliza repu ndi anyezi wa mabanja asanu ndi limodzi. Patapita masiku awiri, ng'ombe zinayi zinapezeka zitatemedwa miyendo ndi zikwanje. Patapitanso masiku atatu, nkhokwe, zigafa ndi nyumba khumi ndi imodzi za kwa Zgambo zinapsa dzuwa likuswa mtengo. Amene anayatsa motowo akudziwika, koma mukafunsa, aliyense anali kumunda tsiku limenelo, ngakhale amene sanagwirepo khasu chibadwire.

A kwa Zgambo anathawira pa bwalo la tchalitchi, m'misasa ya mapulasitiki ndi matumba a feteleza. Mlandu unapita kwa mfumu yaikulu, ndipo kumeneko unakula. Sunalinso wa repu kapena wa ng'ombe. Unasanduka wa Kasitu, kankhalango ka misuku komwe kali kumutu kwa dambo, pomwe pali kasupe wosaphwa. Mwini Kasitu ndiye mwini madzi.

A kwa Zgambo ankati pamenepo ndi manda a makolo awo. A kwa Thole ankati ndi khola lakale la agogo awo, ndipo anali ndi mawu amodzi omwe ankawatseka pakamwa anzawowo: "Ngati ni manda, tionetseni mtumbila ngakhale umodzi." Mtumbira panalibe. Mlanduwo unayenera kugamulidwa Lachisanu.

Kenan Thole anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali mu Giredi 11. Kusukulu anali mlembi wa Kalabu ya Mtendere, kagulu ka ana khumi ndi atatu komwe kankapeka nyimbo ndi masewero oti anthu azikondana. Nyumba zitapsa, m'kalabumo munatsala anthu awiri: Kenan, ndi Towela Zgambo yemwe tsopano ankagona mumsasa. Nyimbo zinatha ntchito. Inatsala ntchito ya zigubu. M'mawa uliwonse Kenan ankamangirira zigubu zitatu panjinga n'kukatula madzi a pamjigo kutchalitchi, podzera njira yozungulira kuti anyamata a kwawo asamuone.

Amene anamupatsa ntchitoyi ndi Mayi Angelina Mtonga, mzamba wopuma pantchito, wosakhala wa kwa Thole kapena wa kwa Zgambo. Ankapalasa njinga yawo yakuda pakati pa midzi iwiriyo, kupempha ufa uku, kukatula uko, kumanga mabala a onse. Malipiro awo anali mwano. Kwa Thole ankati mayiwa ndi kazitape. Kwa Zgambo ankatinso ndi kazitape. Iwo ankangoti bola pali chinthu chimodzi chomwe midzi iwiriyo ikugwirizana.

2. Dikira mpaka mawa

Loweruka m'mawa Kenan anafika kutchalitchi ndi zigubu zake. Pansi pa mtengo wa mango panali kabokosi kokhomedwa ndi matabwa a benchi. M'menemo munali Lilly, mng'ono wake wa Towela, mwana wa zaka zinayi. Anamwalira Lachinayi ndi matenda otsegula m'mimba, atamwa madzi a pachithaphwi cha kuseri kwa misasa. Linali tsiku lachitatu, mu Okutobala, ndipo palibe wa kwa Thole anali atawoloka dambo.

"Mwauka uli, amama?" Kenan anapereka moni kwa Mayi Angelina.

"Tauka makola, mwana wane. Tula zigubu ubwele kuno."

Anamukokera kuseri kwa tchalitchi. Anali ataona momwe mnyamatayo anayang'anira kabokosi kaja.

"Mvela bwino, chifukwa sinibwelezanso," anatero. "Masiku awili aya nakhala nikugwada pamakomo a kwanu. Madala atatu avomela: a Luke, a Jonah na a Ezron. Mawa likatha pemphelo abwela pamodzi, masana, aliyense akuona, kuzakumba kumanda a kuseli kuno komwe a kwa Zgambo amaika masiku onse. Atatu, osati m'modzi. Munthu m'modzi akawoloka dambo amati wagulitsa mudzi. Akawoloka atatu amati mudzi wabwela. Ine nabeleketsa theka la anthu awa, Kenan. Nidziwa kuti mwana ukamukoka nthawi isanakwane umavulaza mayi. Mtima wako ni wabwino, koma pankhondo mtima wabwino umafunika maso. Pali anthu mbali zonse ziwili amene malilo awa sakuwaona ngati malilo, akuwaona ngati mpata. So usachite kalikonse wekha, usachite kalikonse mobisa, ndipo munthu akakuuza kuti fulumila, umufunse kuti chifukwa chani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine nipita ku boma kukapempha kololini wothila m'madzi, ana ena angatsatile Lilly. Nibwela masana. Wamva?"

"Namva, amama."

Anakwera njinga yawo n'kulowera ku msewu wa ku Lundazi.

Kenan akumasula chingwe panjinga, Towela anatulukira. Maso ake anali ouma. Anali atalira mpaka misozi kutha.

"Akuuza kuti mawa, eti?" anatero Towela. "Aliyense ati mawa. Wamva fungo, Kenan? Amama akhala apo masiku atatu akupitikitsa ntchentche na chitenje. Tinaimba pa asembule ine na iwe kuti tili amodzi, anthu anaomba m'manja, ahedi anatipatsa mabisiketi. Manje mng'ono wanga akuola mu bokosi, khasu lili kuseli kwa nkhokwe ya adada ako. Nkhokwe yanu ikalipo, si so? Sinapse."

Mawuwo anamulasa Kenan mumtima. Nkhokwe yawo inalipodi, yodzaza.

3. Sitima

Bambo ake a Kenan, a Haswell Thole, anali mdzukulu, wokumba manda wodziwika dera lonse la Kamwala. Kale maliro opanda a Haswell ankati ndi osaphika bwino, chifukwa bambowa ankatha kuseketsa namfedwa misozi ili m'masaya. Koma chitemedwere ng'ombe, palibe anawamvapo akuseka.

Kenan anawapeza pansi pa mthethe, akutsuka bala la Sitima ndi madzi a mchere. Sitima inali ng'ombe yawo yapangolo, yoleredwa pamanja amake atafa. Tsopano inali gone cham'mbali, mwendo wakumbuyo utatupa ngati mtondo.

"Adada, kwa Zgambo kuli malilo. Mwana wa a Evelina."

"Namva."

"Lelo ni tsiku lachitatu."

A Haswell anafinya kansanza n'kumuloza pansi. "Khala apo. Manda a kwa Zgambo nakumba ine opitilila makumi anayi. Agogo ake a Towela ninawaika ine. Ninawanyoza ali m'bokosi, ninati madala mwathawa kupalila, anthu anaseka. Sininakanepo, kaya mvula kaya dzuwa. Manje yang'ana Sitima. Ng'ombe iyi inakoka ngolo ya malilo awo kangati? Inalakwa chani? Munthu amene atema mwendo wa ng'ombe yomwe inanyamula amake kupita kumanda, ameneyo wadula chibale na chikwanje chake. Sinikondwa kuti nyumba zinapsa, Mulungu akuniona. Sinikondwa kuti mwana wafa. Koma mvela, Kenan. Lachisanu lisanakwane, khasu la Thole lisakhudze nthaka iliyonse tsidya lija. Steward Zgambo nimudziwa kuyambila akali kuyenda opanda kabudula. Uja akakupatsa moni wapamanja, uwelenge zala zako. Likapita Lachisanu nizapita nekha kukapepesa. Lelo ayi."

"Koma adada, mtembo sungadikile Lachisanu."

"Nanga Sitima anamumvela chisoni ndani?"

Anatembenukira ku bala lija, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kuseri kwa nkhokwe kunali mtengo wa mpoza, ndipo pa nthambi yake pankapachikidwa khasu la mpini waufupi. Khasu limeneli silinkalowa m'nyumba, silinkalowa m'munda. Ntchito yake inali imodzi. Kenan anali atalinyamulapo kambirimbiri potsatira bambo ake kumaliro.

Anaima pansi pa mpozawo kanthawi. Akulu awiri anali atamuuza kuti adikire, wina mpaka mawa, wina mpaka Lachisanu. Koma fungo lija linali likadali m'mphuno mwake. Analitsitsa khasulo, n'kulikulunga m'thumba, n'kulimangirira panjinga.

4. Njira yolakwika

Amene anamulandira kutchalitchi anali Steward Zgambo, mng'ono wa malemu bambo ake a Lilly. Ndiye anali mneneri wa a kwa Zgambo pa mlandu uja. Nyumba yake inapsa limodzi ndi fodya yense wa chaka chimenecho, koma malaya oyera ndi foni anapulumutsa, ndipo ankazisamala kuposa china chilichonse.

Ataona mpini ukusuzumira m'thumba, nkhope yake inawala.

"Yewo, yewo, mwana wa a Haswell! Mulungu wakutuma. Amama, nyamukani, mdzukulu wabwela! Tifulumile, dzuwa likupita."

Fulumira. Kenan anawamva mawuwo, koma sanafunse chifukwa chake. Safunsa adadya phula.

Amuna awiri a mutchalitchi ananyamula kabokosi. Azimayi anayamba nyimbo. Steward anatsogola, koma sanakhotere kuseri kwa tchalitchi. Anatsetserekera ku njira ya kumutu kwa dambo.

"A Steward, manda si uku?" Kenan anafunsa.

"Uko kwadzaza miyala, mwana wane. Bwela chabe."

Anayenda mpaka analowa mumthunzi wa misuku. Kasupe ankamveka chapafupi. Pansi panali mapazi a ng'ombe ndi ndowe zouma. Steward anaima, n'kujambula kamzere pansi ndi nsapato yake.

"Apa."

Kenan anayang'ana misuku ija. "Apa ni pa Kasitu."

"Apa ni pa makolo athu. Mwana agone na agogo ake. Kapena wabwela kuzatiuza komwe tiziika ana athu, monga momwe abale ako anatiuzila komwe tizigona?"

Nyimbo inaduka. Anthu onse ankamuyang'ana. Towela anayang'ana bambo ake aang'onowo, n'kuyang'ana Kenan, pakamwa pali yasa. Kenan anadziwa bwinobwino kuti akatema apa, mtumbira womwe a kwawo ankafunsa uja upezeka. Anatsitsa khasu pansi.

Pamenepo a Evelina, amake mwanayo, anamasuka m'manja mwa azimayi omwe anawagwirizira. Anagwada pamaso pa Kenan, mayi wamkulu kugwadira mwana wa sukulu.

"Mwana wane, ine za milandu sinidziwa. Kumba chabe. Paliponse. Nalema kumumva mwana wanga akununkha."

Kenan anatola khasu lija. Analikweza, n'kutema.

"Mawu!" gogo wina anakuwa kumbuyo. "Khasu lopanda mawu si khasu!"

Mawuwo anatuluka okha, monga momwe amatulukira Atate Wathu. "Gona pa makolo ako, Lilly. Khomo takutsegulila ndife a kwa Thole."

Atadzutsa mutu anaona foni ili m'mwamba, itamuloza kumaso. Steward sankalira. Ankaonetsetsa kuti misuku ndi kasupe zalowa bwino m'chithunzi.

Nthaka ya Okutobala ndi yankhanza. Kenan anakumba mpaka matuza kuphulika m'manja, kenaka amuna a mutchalitchi anamulandira, kenaka analowanso yekha kukakonza kachipinda ka m'mbali monga momwe bambo ake anamuphunzitsira. Pokumba ponsepo sanapeze fupa la munthu, sanapezenso manyowa a khola lakale. Anangopeza mizu ndi timiyala.

Lilly anaikidwa dzuwa litapendeka pang'ono. A Evelina anamuthirira Kenan madzi m'manja ndi kapu ya pulasitiki, akunena kuti yewo, yewo, osaleka. Kuthokoza kwawo kunali koona, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri.

5. Chikhomo

Anthu asanabalalike, njinga yakuda inatulukira m'misuku, katoni ya mankhwala ili pa kaliyala. Mayi Angelina anatsika osaimika njingayo. Inagwa yokha. Anayang'ana mtumbira watsopano, anayang'ana khasu m'manja mwa Kenan, n'kulunjika kwa Steward.

"Steward, iwe ninakudula mchombo ine. Wachita chani apa? Mwana wa mkulu wako wamusandutsa chikhomo cha malile?"

Steward sanagwetse nkhope. "Amama, imwe muli na nyumba ya malata na mjigo pakhomo. Ise tili na mapulasitiki. Mwana uyu wafa na madzi oipa, madzi abwino ali apa, akumwa ni ng'ombe za amene anatiotcha. Wafa kale. Bola imfa yake imwetse anzake."

"Ndipo ukuganiza kuti azamusiya agone? Wamuika pakati pa njila ya nkhondo. Amake azabwela bwanji kuzalila apa? Na apolisi?"

Steward anapukusa mutu n'kumapita, akudinadina foni yake.

A Evelina anali atayamba kumvetsa. Anakhala pansi pambali pa mtumbira n'kuyamba kulira kulira kwina, kosiyana ndi kuja kwa m'mawa.

Towela anafika pafupi ndi Kenan. "Sininadziwe," anatero motsitsa. "Nalumbila, Kenan, sininadziwe."

Kenan anamukhulupirira, koma mtima wake unali wowawa.

Mayi Angelina anadzutsa njinga yawo. Foni yawo inalira. Anamvetsera kanthawi, n'kuibwezera m'thumba.

"Anali a Luke," anatero. "Aona kale kanema. Mawa sabwela, a Jonah na a Ezron sabwelanso. Ati ninawanamiza kuti niwakokele mu msampha." Anapuma mozama. "Masiku awili a maondo anga athela apa. Sinikukalipila, Kenan. Mwana waikidwa, ndipo kuika munthu si tchimo. Koma unachita wekha chinthu chofunika mudzi, ndipo chifundo chako wina wachitola n'kupangila mkondo. Pita kwanu manje, kukali kowala. Udzele njila ya pakati, osati yozungulila. Zobisala zatha."

6. Funso la mdzukulu

Kanema anafika kwa Thole iye asanafike. Akulowa m'mudzi, Kenan anamva mawu ake omwe akutuluka m'mafoni, apa ndi apo, mobwerezabwereza: khomo takutsegulila ndife a kwa Thole. Amuna omwe anakhala pa sitolo anasiya kulankhula. Msuweni wake, yemwe ankagona naye mphasa imodzi ali ana, analavulira malovu patsogolo pa tayala la njinga.

A Haswell anali pomwe anawasiya, pambali pa Sitima. Kenan anaimika njinga, n'kumasula khasu, n'kuima chapatali akudikira ndodo. Akanakonda ndodo.

"Sendela," anatero bambo ake osamuyang'ana. "Unakumba kufika pati?"

Kenan anadabwa. "Pachifuwa, adada."

"Kachipinda ka m'mbali?"

"Ninakonza."

"Mizu ya msuku unadula bwino? Ija imaboola bokosi."

"Ninadula yonse."

A Haswell anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Wakumba bwino," anatero. Anapukuta kumaso ndi kansanza komwe kaja ka madzi a mchere.

Kenaka anamuyang'ana.

"Amuna a m'mudzi akumana. Ng'ombe za makomo makumi atatu zimamwa pa Kasitu, ndipo iwe wapeleka madzi ao na pakamwa pako. Mtumbila tinkafunsa uja wauumba ni mwana wanga, na khasu langa. Ati amene anakwilila ndiye afukule, Lachisanu lisanakwane. Ukakana, apita anyamata okha, ndipo udziwa manja ao momwe alili. Akapita iwo, iwe pano si kwanu."

"Nanga imwe, adada, mukuti chani?"

"Ine nakwilila anthu opitilila makumi anayi. Sininafukulepo na m'modzi yemwe." Anasisita khosi la Sitima. "Koma ninakuuza, Kenan. Ninakuuza m'mawa muno."

Kenan anayang'ana khasu lija. Dothi la manda a Lilly linali lisanaume. Anatembenuka kupita kuseri kwa nkhokwe kuti akalipachike pa mpoza, pamalo pake.

"Usalipachike," bambo ake anamuitana kumbuyo. "Khasu ilo limapachikidwa ntchito ikatha."

Kenan anaima pakati pa bwalo, khasu lili m'manja. Ku sitolo kuja anyamata anali atayamba kale kusonkhana.